Mbuna silola kapinga m'nyumba mwake

Matanki a galasi owetera tinsomba tokongoletsa ayamba kuoneka m'malo ogona alendo kuno ku Chembe, ngakhalenso m'nyumba zina ku Monkey Bay ndi pa boma la Mangochi. Pafupifupi aliyense amene wandifunsa za matankiwa amabwera ndi chithunzi cha pa foni: pansi pa thanki pobiriwira ngati kapinga wa pabwalo la mpira nthawi ya dzinja, tinsomba tikuyandama pamwamba pake. Funso limakhala limodzi, loti ndigule chomera chanji kuti kwanga kuoneke chonchi. Ndisanayankhe, inenso ndimafunsa langa: muikamo nsomba yanji?

Ambiri amayankha kuti mbuna. N'zomveka, poti ndi nsomba imene yatchukitsa dera lino. Chifukwa cha mbuna ndi abale ake, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Koma amene anasambirapo ku Otter Point kapena kuchilumba cha Thumbi akumbukire zimene anaona pansi pa madzi. Ndi miyala yokhayokha, yokutidwa ndi ndere, ndipo mbuna zimakhalira kupala nderezo tsiku lonse ngati mbuzi pa msipu. Udzu woyala pansi kulibe. Mbuna yamphongo ikafuna malo ake imafukula mchenga ndi pakamwa n'kukalavula pambali. Muiike pa tizomera timene mwabzala ndi ndalama zanu, m'mawa mudzapeza tonse tikuyandama, mizu m'mwamba. Komanso mbuna ndi nsomba yandewu. Kathanki ka malita 40 kapena 60 sikaikwanira. Odziwa kuweta amayambira pa malita pafupifupi 200. Ndiye ngati thanki yanu ndi yaing'ono, nkhani ya mbuna ithere pomwepo.

Kapinga wa m'zithunzi uja anatchuka ndi katswiri wa ku Japan, Takashi Amano, amene anamwalira mu 2015. Zomera zimene amagwiritsa ntchito otsatira luso lake si za kuno. Hemianthus callitrichoides, ka masamba ang'onoang'ono ngati mapira, kwawo ndi ku Cuba. Glossostigma elatinoides ndi ka ku New Zealand ndi Australia. Zonse ziwiri zimafuna nyale yowala kwambiri, nthaka yapadera ya m'matumba, ndi mpweya wa carbon dioxide wochokera m'botolo, wolowetsedwa m'madzi pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kuwala kukachepa, zimasiya kuyala pansi n'kuyamba kukula chokwera, kenako masamba a m'munsi amasanduka achikasu n'kuola. Kwa ife amene magetsi amatha kutizimira theka la tsiku, kumeneko ndi kutaya ndalama m'madzi, ndipo apa mawuwa si okuluwika.

Palinso nkhani ya madzi enieniwo, imene ogulitsa ambiri saitchula. Madzi a m'nyanja yathu ali ndi pH ya pafupifupi 8, pamene tizomera timeneti timakonda madzi a pH yochepera 7. M'madzi onga athu, carbon dioxide wambiri sakhala womasuka. Amakhala atasanduka bicarbonate, ndipo si chomera chilichonse chimatha kudya chakudya chake mwa njira imeneyo. N'chifukwa chake chomera chimene chimakondwa m'thanki ya munthu wa ku Tokyo chimafota ku Chembe ngakhale muchisamale ngati khanda. Muwonjezerepo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala: madzi ochepa a m'kathanki amatentha msanga, makamaka m'nyumba ya malata, ndipo madzi akatentha mpweya umachepamo.

Chomera chimene chinazolowera madzi amenewa chili pakhomo pomwe pano. M'malo osaya a mchenga, obisika ku mafunde a mwera, mumamera udzu wa masamba aatali ngati riboni umene akatswiri amautcha Vallisneria. Umatha kugwiritsa ntchito bicarbonate, sufuna botolo la mpweya, ndipo umafalikira wokha potulutsa mphukira zoyenda pansi pa mchenga monga amachitira kapinga kumtunda. Nsomba zina za m'nyanja moyo wawo wonse uli mu udzu umenewu. Dimidiochromis compressiceps, yopyapyala ngati mpeni, imaima chozondoka pakati pa masamba kudikira tiana ta nsomba zina, pamene Hemitilapia oxyrhynchus imapala ndere pa tsamba lililonse osalidula. Vuto la Vallisneria ndi msinkhu. Masamba ake amatha kupitirira theka la mita, choncho m'kathanki malo ake ndi kumbuyo, ngati mpanda. Kutsogolo angakuphimbireni zonse.

Kwa amene mtima uli pa kapinga basi, ine ndimatchula zomera ziwiri. Choyamba ndi Sagittaria subulata yaifupi ija, ya ku America. Imapirira madzi onga athu ndi nyale wamba, ndipo ngakhale siipanga kapeti yosalala ngati ya m'chithunzi, imapanga dambo laling'ono looneka bwino. Chachiwiri ndi Marsilea hirsuta ya ku Australia, imene imakula mwaulesi koma siifa msanga. Monte Carlo, wochokera ku Argentina, ndi wofewerapo kulera kusiyana ndi ka ku Cuba kaja, komabe ndingamulangize yekhayo amene ali ndi sola yodalirika. Pobzala, yalani mchenga wosalala wokuya masentimita 4 kapena 5, gawani chomeracho m'timagulu ting'onoting'ono, ndipo mutibzale motalikirana masentimita awiri kapena atatu. Nyale iyake maola 6 mpaka 8. Mukapitirira pamenepo, kapena mukaika thanki pawindo lolowa dzuwa, amene akolole ndi ndere. Nsomba zidikire milungu ingapo kuti mizu igwire, ndipo zikhale zing'onozing'ono zosafukula pansi.

Amene ali ndi thanki yaikulu ya mbuna asadandaule. Anubias, chomera cha kumadzulo ndi pakati pa Africa, chili ndi masamba olimba moti mbuna zambiri zimangochisiya. Sachikwirira mumchenga, amachimangirira pa mwala ndi ulusi mpaka mizu itagwira yokha. Ndere zobiriwira zikamera pa miyala, musazipale zonse. Kwa mbuna, chimenecho ndi chakudya.

Zinthu ziwiri zokha ndimauma nazo mtima. Madzi a mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa malo a paki ndi otetezedwa, choncho kumeneko si kozula udzu kapena kogwira nsomba zokaika m'thanki. Wofuna nsomba kapena zomera afunse kaye a za paki ndi a za usodzi, ndipo agule kwa amene ali ndi chilolezo.

Chinacho n'chachikulu kuposa apa. Chomera chachilendo chikakula m'thanki chimafuna kudulira, ndipo munthu wa ku Chembe akasintha madzi, chidebe chimakathera kunyanja kapena m'ngalande yopita komweko. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anayenda maiko ambiri atanyamulidwa ndi anthu okonda duwa lake lokongola. Lero tonse tikudziwa ntchito imene amapereka mu mtsinje wa Shire, kumene amatchingidwa ndi kuvuulidwa pa Liwonde kuti asakatseke makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Zomera zambiri za m'matanki zimaphuka kuchokera ku kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, ndipo zimene ndayamikira pamwambapa ndaziyamikira chifukwa choti zimapirira madzi a nyanja yathu. Zodulira zonse muziyanike padzuwa mpaka ziume gwa, kenako muzitenthe. Madzi ochotsa m'thanki athiridwe pa mitengo ya pakhomo, kutali ndi gombe.