Wadumpha bwino, koma watera m'munda wa yani?

Pali masewera ena amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso. Munthu amakwera ndege. Ndege ikafika kumwamba kwenikweni amatsegula citseko, munthuyo n'kudziponya kunja. Kumsana wabereka cikwama. M'cikwamamo muli nsalu yaikulu yolimba, yomangidwa ndi zingwe zambiri. Nsaluyo ikatambasuka imagwira mphepo ngati ambulera, ndipo munthu amatsika pang'onopang'ono mpaka kuponda pansi. Apwitikizi amaicha paraquedas. Ena amati parachuti.

Nzeru imeneyi si ya lero. M'caka ca 1797, ndege zisanapangidwe, André-Jacques Garnerin adatsika ndi parachuti mu mzinda wa Paris, ku France, kucokera pa cibaluni. Masiku ano anthu amalipira ndalama kuti adumphe, monga amacitira ku Swakopmund m'dziko la Namibia. Amadumpha ali pa mamita 3,000 kapena 4,000. Phiri la Binga, lalitali kuposa onse muno mu Moçambique, lili ndi mamita 2,436 okha. Asanatambasule nsalu ija amagwa ngati mwala kwa theka la mphindi kapena mphindi yathunthu, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola.

Amene adadumphapo amasimba zofanana. Pa citseko ca ndege mawondo amanjenjemera. Ukadziponya, mphepo imalira m'makutu. Nsalu ikatambasuka kumakhala zii, ndipo minda ndi mitsinje zimaoneka zazing'ono ngati zojambula pa pepala. Pamenepa palibe mlandu. Wamasewera amatera pa bwalo limene adapempha. Akatera amapinda nsalu yake n'kupita kwawo.

Koma nsalu yomweyi idanyamulanso nkhondo. Ena mwa asilikali akale a Rhodesia adalemba mabuku osimba mmene ankadumphira m'dziko lathu lino. Mawu awo ndi omwe aja a amasewera: mantha pa citseko, mphepo, kulimba mtima, cikondi ca anzawo. Wowerenga amatengeka. Amati, "Awa adali amuna!" Amatseka buku asanafunse kuti amunawo adadzatani kuno. Ine ndikutsutsa kuwerenga kotere. Kukoma kwa kudumpha sikutiuza cifukwa ca nkhondo.

Zimene zidacitika ku Chimoio ndi ku Tembwe

Dziko limene lero ndi Zimbabwe linkachedwa Rhodesia. Omenyera ufulu a cipani ca ZANU, amene gulu lawo la nkhondo linali ZANLA, adali ndi misasa muno mu Moçambique. Msasa waukulu udali pafupi ndi Chimoio, m'cigawo ca Manica, makilomita pafupifupi 90 kucokera ku malire.

Pa 23 Novembala 1977, m'mawa, anthu a mu msasamo atasonkhana pa bwalo, ndege za nkhondo za Rhodesia zidafika n'kuponya mabomba. Pambuyo pake padabwera ndege zonyamula anthu zochedwa Dakota. M'menemo mudatuluka asilikali 144 a parachuti. Ena 40 adatera ndi helikopita. Msilikali sadumpha ngati wamasewera. Ndege imauluka munsi, mamita 150 okha. Cingwe comangidwa ku ndege ndico cimatambasula nsalu, ndipo theka la mphindi lisanathe munthu waponda kale pansi. Asilikaliwo adatera mozungulira msasa kuti othawa mabomba athamangire m'mfuti zawo.

Patapita masiku ocepa adacitanso cimodzimodzi ku Tembwe, m'cigawo ca Tete, kumpoto kwa Zambezi. Nkhondo ziwirizi adazicha Operation Dingo.

Ku Chimoio kudafa anthu oposa 1,000. Ena amawerenga mpaka 3,000. Kumbali ya Rhodesia kudafa anthu 2. Mu msasamo mudali asilikali a ZANLA, ndi zoona. Mudalinso cipatala ndi odwala ake, sukulu ndi ana ake, ndiponso amayi. Adaikidwa m'manda aakulu, ambiri m'dzenje limodzi. Pamalopo padamangidwa cikumbutso, ndipo anthu a ku Zimbabwe amapitako kukalira abale awo.

Mlandu wa mbuzi

Tiyerekeze ndi za kumudzi. Munthu wagwidwa usiku m'khola la mnzake. Pabwalo la nyakwawa akuyamba kusimba: "Mpanda udali wautali. Mtima unkagunda. Ndidadumpha bwino, sindidathyoke mwendo." Anthu angathe kuseka. Ena angamusirire mphamvu zake. Koma nyakwawa yanzeru idzamudula mawu niti, "Za kudumpha tamva. Mbuziyo idali ya yani?"

Funso la nkhondo ndi lomweli. Kulimba mtima kumapezeka mbali zonse. Wakuba amalimba mtima, mwini khola amalimbanso mtima. Cimene cimawasiyanitsa ndi mbuzi.

Tsono tiyeni timve zifukwa zimene oikira kumbuyo Rhodesia amapereka. Tizimve bwino, pakuti mlandu saweruza atamva mbali imodzi.

Cifukwa coyamba: "Tinkamenyana ndi cikomyunizimu"

Iwo amati nkhondoyo siidali ya khungu. Amati ZANLA inkalandira mfuti kucokera ku China, ndipo ZIPRA, gulu la nkhondo la cipani ca ZAPU, inkalandira kucokera ku Soviet Union. Izi n'zoona. Koma tiyeni tiwerenge zaka mwa dongosolo lake, monga timawerengera mizere ya m'munda.

M'caka ca 1930 lamulo lochedwa Land Apportionment Act lidapatsa azungu pafupifupi theka la nthaka ya dzikolo, ndi minda yambiri yaconde. Pa nthawiyo kudalibe ZANLA, kudalibe mfuti ya ku China. Anthu akuda atayamba kupempha voti ndi nthaka, boma lidatseka zipani zawo: cimodzi mu 1959, cina mu 1961, ZAPU mu 1962, ZANU mu 1964. Joshua Nkomo ndi Robert Mugabe adatsekeredwa kuyambira 1964 mpaka 1974. Pa 11 Novembala 1965 Ian Smith adalengeza kuti Rhodesia yadzipatula ku Britain. Adatero cifukwa Britain inkafuna njira yopita ku ulamuliro wa anthu oculuka.

Mwaona cimene cidayamba? Idayamba ndi nthaka, kenako kutseka pakamwa, mfuti zidadza pambuyo. Munthu amene wamutsekera zitseko zonse amalandira cithandizo kwa aliyense amene watambasula dzanja. Ndipo tikumbukire kuti Britain ndi America sadali maiko a cikomyunizimu, koma sadavomereze boma la Smith. Palibe dziko ndi limodzi lomwe limene lidalivomereza mwa lamulo.

Cifukwa caciwiri: "Tinkateteza dziko lathu"

Mnyamata wacizungu wa zaka 18 kapena 19, wobadwira ku Salisbury kapena ku Bulawayo, ankalembedwa usilikali mokakamizidwa ndi lamulo. Ambiri ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akuteteza amayi awo ndi famu ya atate awo. Sindikuti onse adali ndi mtima wa njiru. N'zoonanso kuti omenyera ufulu adapha alimi acizungu, ndipo adapha anthu akuda a m'midzi amene ankawaganizira kuti ndi akapirikoni. Magazi amenewo nawonso ndi magazi.

Koma dziko limene ankatetezalo lidali lotani? M'caka ca 1969 azungu sadakwane 250,000, pamene anthu akuda adali pafupifupi 5 miliyoni. Ndiye kuti mzungu mmodzi pa anthu akuda 20. Caka comweco lamulo la Land Tenure Act lidagawa nthaka pakati ndi pakati: theka kwa ocepawo, theka kwa oculukawo. Kuyambira 1970, m'Nyumba ya Malamulo mudali mipando 66. Azungu adatenga 50, anthu akuda 16.

Werengani nokha. Ngati anthu 21 akhala pa mphasa kudya nsima mitanda iwiri, mmodzi n'kutenga mtanda wathunthu, otsala 20 n'kugawana winawo, kodi amene akulondera mbaleyo ndi mkondo akuteteza mudzi, kapena akuteteza mtanda wa mmodzi uja? Cimene msilikali akumva mumtima ndi cina, cimene mfuti yake ikusunga ndi cina. Iye angakhale woona mtima, koma amene adamutuma adadziwa cimene akusunga. Smith mwini adanena poyera mu Marichi 1976 kuti sakhulupirira ulamuliro wa anthu akuda oculuka, ngakhale patapita zaka 1,000.

Taonaninso ici. Pa 24 Novembala 1977, tsiku limodzi Chimoio atawotchedwa, Smith adalengeza kuti wavomera kukambirana za voti ya munthu wamkulu aliyense, koma ndi atsogoleri okhawo amene adali m'kati mwa dziko, opanda asilikali. Mgwirizano wawo udasainidwa pa 3 Marichi 1978 ndi Abel Muzorewa, Ndabaningi Sithole ndi Jeremiah Chirau. Udasungira azungu mipando 28 mwa 100, yokwanira kuletsa kusintha kwa malamulo aakulu a dziko. Dzanja lina linkaponya mabomba kuti lifooketse amene sakadavomera zotere, dzanja lina linkagwira colembera. Ncito ya parachuti idali imeneyo.

Cifukwa cacitatu: "Onani zimene zidatsatira"

Ici ndico cifukwa cimene amacikonda kwambiri lero. Amati Zimbabwe italandira ufulu pa 18 Epulo 1980, zinthu zidaipa. Pakati pa 1983 ndi 1987 asilikali a boma la Mugabe adapha anthu wamba zikwizikwi ku Matabeleland, pa zimene zimachedwa Gukurahundi. Pofika 2008 ndalama ya dzikolo idasanduka mapepala acabe. Mugabe adakhala pa mpando mpaka 2017. Ndiye amafunsa kuti, "Kodi sitidakuuzeni?"

Zimenezi zidacitika, ndipo sitiyenera kuzibisa. Mlandu suwola. Wa Matabeleland suwola, wa Chimoio suwolanso. Koma mlandu wa mwana sufafaniza mlandu wa atate. Mwana wa sukulu amene adafa ku Chimoio mu 1977 sadaphe munthu ku Matabeleland mu 1983. Ndipo zoipa za Mugabe zimaipa pa cifukwa comwe cija cidaipitsa za Smith: anthu ocepa kugwira dziko ndi mfuti, n'kukaniza oculuka kusankha. Amene akudana ndi cimodzi ayenera kudana ndi cinzake. Ngati adana ndi caciwiri cokha, si nkhanza imene ikumuwawa. Cikumuwawa ndi khungu la wocita nkhanzayo.

Nanga Moçambique adalowamo bwanji?

Ena amati tidadziputira tokha posunga ZANLA. Pa 3 Marichi 1976 boma la Samora Machel lidatseka malire ndi Rhodesia, potsata cigamulo ca bungwe la United Nations. Dziko lathu lidataya ndalama zambiri za njanji ndi za doko la Beira, ndipo milatho ndi midzi zidaphulitsidwa ku Tete, Manica ndi Gaza. Mtengo wake udali wowawa, ndipo amene adaulipira ali ndi ufulu wofunsa ngati udayenera. Koma tikumbukire kuti nafenso tidasungidwa ku Tanzania ndi ku Zambia pamene tinkamenyana ndi atsamunda Acipwitikizi. Akulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Mapeto a nkhondoyo adayankha okha funso la cifukwa cake. Mgwirizano udasainidwa ku Lancaster House, mu mzinda wa London, pa 21 Disembala 1979. Pa cisankho ca Febuluwale 1980, mwa mipando 80 ya voti ya anthu onse, cipani ca Mugabe cidapeza 57, ca Nkomo 20, ca Muzorewa 3. Anthu amene asilikali a parachuti ankati akuwapulumutsa kwa zigawenga adavotera omwewo ochedwa zigawenga. Rhodesia idapambana ku Chimoio, idapambana ku Tembwe, koma idagonja pa bokosi la voti limene idalikana zaka zonsezo.

Tisanyengedwe ndi nkhani yokoma

Amene ali m'mwamba saona nkhope. Amaona madenga ndi timadontho tothamanga. Nkhani yake imakoma cifukwa imathera pamene phazi laponda pansi. Nkhani ya amene adali pansi imayambira pomwepo. Adali pa mzere wa phala, adali m'kalasi, adali cigonere m'cipatala. Ambiri a iwo sadalembe buku.

Wamasewera adumphe, tidzamuombera m'manja. Msilikali wakale asimbe za mantha ake, tidzamumvera, pakuti nayenso ndi munthu. Koma akamaliza tisanyamuke pa bwalo. Timufunse mafunso atatu. Adakutuma ndani? Amene adakutumayo ankasunga ciyani? Pansi pamene udatera padali ndani? Mafunso amenewa ndi a nkhondo iliyonse, ya mzungu kapena ya munthu wakuda, ya adani athu kapena ya atsogoleri athu. Amene akukwiya nawo mafunsowa ali ndi mbuzi imene wabisa.

Mafunso okambirana

1. Kodi kudumpha kwa wamasewera kumasiyana bwanji ndi kudumpha kwa msilikali?
2. Mu 1970 azungu adali ndi mipando ingati m'Nyumba ya Malamulo ya Rhodesia? Nanga anthu akuda?
3. Cidayamba n'ciyani: lamulo la nthaka, kutseka zipani, kapena mfuti zocokera kunja?
4. Kodi munthu angakhale wolimba mtima pa nkhondo yosalungama? Fotokozani maganizo anu.