Kalata yotiitana ili m'manja, koma chipata n'chotseka

Kwa akuluakulu a boma oona za maphunziro, za chuma ndi za ubale wathu ndi mayiko ena. Kwa akazembe a mayiko amene amatiitana. Komanso kwa anzathu a m'mayunivesite a kunja.

Ife amene talemba madandaulo ano ndife aphunzitsi ndi ochita kafukufuku m'sukulu zaukachenjede za dziko lino, ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu ndi ku Thyolo. Ntchito yathu siithera m'kalasi. Kuti mphunzitsi akwezedwe, ayenera kusindikiza zimene wapeza ndi kukaziikira kumbuyo pamaso pa akatswiri anzake. Kuti apeze ndalama za kafukufuku, ayenera kudziwana ndi amene amazipereka. Zipangizo zina zoyezera zinthu sizipezekanso kuno. N'chifukwa chake timaitanidwa kunja, wina sabata imodzi ya msonkhano, wina miyezi isanu ndi umodzi, wina zaka ziwiri. Takhala tikung'ung'udza m'makonde ndi pa WhatsApp nthawi yaitali. Lero tati tiyankhule poyera, mwaulemu koma mosabisa Chichewa.

Dandaulo loyamba ndi la viza ya ku America. Lamulo la kumeneko limayamba ndi kumukayikira munthu: aliyense wopempha viza yokacheza kapena yokaphunzira amatengedwa kuti akufuna kukakhazikika, kufikira iye mwini atakhutiritsa ofesala kuti adzabwerera. Pulofesa wa imvi, wa banja, wa nyumba yakeyake, amaima pawindo mphindi zochepa, ndipo akamukana sapatsidwa malo okachitira apilo. Ndalama yofunsira viza, $185, siibwezedwa. Wopita pa viza ya J-1, yomwe ndi ya aphunzitsi ndi ochita kafukufuku okacheza, amalipiranso $220 yolembetsera dzina lake mu kaundula wotchedwa SEVIS. Zonsezi tinkapirira.

Kenako pa 20 Ogasiti 2025 kudabwera chikole. Malawi ndi Zambia ndiwo adali mayiko oyamba padziko lonse kuuzidwa kuti nzika zawo zopempha viza ya B-1 kapena B-2, imene ambiri timapitira kumisonkhano, ziziyamba zasungitsa $5,000, $10,000 kapena $15,000, ndipo zizilowera ndi kutulukira pa mabwalo a ndege atatu okha: Boston Logan, John F. Kennedy ku New York ndi Washington Dulles. Ankati ndalamayo imabwezedwa munthu akatuluka m'nthawi yake. Koma kuti ibwezedwe iyenera kuyamba yapezeka. Pa mtengo wa kubanki, $15,000 ndi ndalama zoposa K26 miliyoni, m'dziko limene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ngakhale ukhale nazo kwachazo, banki imakuuza kuti ndalama zakunja palibe. Ndi mphunzitsi uti angasungitse ndalama zotere chifukwa cha msonkhano wa masiku anayi? Tisanapume n'komwe, mu Disembala 2025 Pulezidenti Donald Trump adalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 2026 nzika za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Tanzania, Nigeria ndi mayiko ena zisamapatsidwe viza za mitundu ya B, F, M ndi J. Apa adatseka njira ya wopita kumsonkhano, ya wophunzira ndi ya wochita kafukufuku nthawi imodzi.

Dandaulo lachiwiri ndi la msonkho. Ambiri salidziwa chifukwa limaluma munthu atafika kale. Likuwapweteka anzathu amene ali komweko, ndipo tsiku limene chipata chidzatsegulidwe lidzakhala likutidikira. America ili ndi mapangano a misonkho ndi mayiko oposa 60, ndipo ambiri mwa mapanganowa ali ndi ndime yoti mphunzitsi kapena wochita kafukufuku wobwera kudzacheza asadulidwe msonkho wa boma lalikulu pa malipiro ake. Wochokera ku Germany, ku France, ku India kapena ku Britain amakhululukidwa zaka ziwiri. Wochokera ku China amakhululukidwa zaka zitatu. Mu Africa monse, mayiko amene ali ndi pangano la misonkho ndi America ndi anayi okha: Egypt, Morocco, Tunisia ndi South Africa. Malawi mulibe, Zambia mulibe, Mozambique mulibe.

Zotsatira zake n'zoonekeratu pa pepala la malipiro. Mmalawi akakamba nkhani pa yunivesite n'kuthokozedwa ndi $1,000, ofesi ya zachuma imachotsa 30 peresenti asanaigwire, iye n'kulandira $700. Mnzake wochokera kudziko la pangano amalemba fomu 8233 ndipo nthawi zambiri amatenga yonse. Amene ali pa J-1 n'kumalandira thandizo lodyera ndi lolipirira nyumba amadulidwa 14 peresenti. Pa $3,000 ya mwezi, $420 yapita. Nzika za America ndi okhazikika kumeneko ali ndi gawo la malipiro awo limene msonkho sulikhudza, koma ife obwera kwa kanthawi sitiloledwa gawo limenelo. Tinene zoona, pali chimodzi chimene amatikhululukira: msonkho wa penshoni ndi chipatala cha okalamba, wa 7.65 peresenti, sutikhudza zaka ziwiri zoyambirira. Komabe zakazo amawerenga pa kalendala, moti wofika mu Disembala wadya kale chaka chathunthu. Ofufuza awiri akugwira ntchito imodzi pa tebulo limodzi, lendi akulipira yofanana, koma wochokera kudziko losauka ndiye amene amatsala ndi zochepa m'thumba.

Akuti amene wadulidwa mopyola angathe kuitanitsa ndalama zake. Njira yake ndi fomu 1040-NR, fomu 8843, pepala la 1042-S lochokera kuyunivesite, ndipo amene alibe nambala ya msonkho ayambe waipempha pa fomu W-7, imene imafuna pasipoti yeniyeni kapena kope lotsimikizidwa. Zonsezi munthu amazichita atabwerera kale ku Zomba, magetsi akuthimathima. Ambiri timangozisiya, ndipo ndalama zathu zimatsala komweko.

Dandaulo lachitatu ndi la Britain ndi mayiko a ku Ulaya. Pa pepala, malamulo a Britain ndi abwino: katswiri wamaphunziro angathe kupempha viza yokhala mpaka miyezi 12, ndipo woitanidwa kudzakamba nkhani angathe kulipidwa ngati ntchitoyo ichitika m'mwezi woyamba. Chovuta ndi amene amagamula. Kwa zaka zambiri mafomu a Amalawi akhala akugamulidwa kunja kwa Malawi, ku Pretoria, ndi anthu amene sadamuonepo wopemphayo ndipo sadziwa kuti malipiro a mphunzitsi kuno ndi otani. Amayang'ana sitetimenti ya kubanki, naona kuti ndalama n'zochepa, nalemba kuti sakukhulupirira kuti munthuyo adzabwerera, ngakhale kalata yomuitana ikunena momveka kuti ndege, chakudya ndi malo ogona zonse zalipiridwa. Izi si zongopeka ife. Mu Julayi 2019 magulu atatu a aphungu a nyumba ya malamulo ya Britain, limodzi mwa iwo loona za Malawi, adatulutsa lipoti loti anthu a mu Africa amakanizidwa viza yokacheza kuwirikiza kawiri ndi kuposa poyerekeza ndi a zigawo zina za dziko. Bungwe la Scotland Malawi Partnership lakhala likudandaula za nkhani yomweyi kwa zaka zambiri. Amene akupita kukagwira ntchito ya kafukufuku kopitirira miyezi isanu ndi umodzi amayezetsanso TB ndi kulipira £1,035 pachaka ya zachipatala, yonse pamodzi asananyamuke.

Viza ya mayiko a Schengen ndi €90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo nayonso siibwezedwa ukakanidwa. Mayiko ena alibe ofesi kuno, choncho munthu amakwera basi kapena ndege kupita ku Lusaka, ku Harare kapena ku Pretoria kukangodinda zala. Pasipoti ikamabwera, msonkhano watha. Zoterezi zidachitikanso poyera ku Montreal mu 2022, pa msonkhano waukulu wa Edzi padziko lonse, pamene nthumwi zambiri za mu Africa zidalephera kufika chifukwa cha viza, nkhani ya matenda amene atha anthu athu n'kumakambidwa eni ake palibe.

Chimene chimatiwawa kwambiri n'chakuti njira yobwera kuno ndi yosalala. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife mawuwa tidawamvera. Akatswiri a ku Liverpool, a ku Johns Hopkins ndi a ku North Carolina akhala akugwira ntchito m'zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central kwa zaka zambiri, ndipo ubalewu wabala zipatso zimene dziko lonse likudya. Muyeso woonera mwana wokomoka ndi malungo umatchedwa dzina la Blantyre. Kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 adaonetsa kuti kumwa ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana kachilombo ndi 96 peresenti, adachitikiranso ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Katemera woyamba wa malungo adayamba kuperekedwa kuno mu Epulo 2019. Ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ndiwo adayesedwa katemera watsopano wa taifodi. Mu Febuluwale 2024 boma lathu lidafika pochotsera viza nzika za mayiko 79, America ndi Britain ali momwemo. Magazi a anthu athu amakwera ndege mosavuta, manambala amawoloka nyanja pa intaneti, koma Mmalawi amene adawasonkhanitsa amatsala pawindo, zotsatira n'kukafotokozedwa ndi wina.

Sitikukana kuti alipo Amalawi amene adapita ndi viza yokacheza osabwerera. Amenewo adatiipitsira mbiri, ndipo dziko lililonse lili ndi ufulu wolonda malire ake. Koma mphunzitsi amene ali ndi kalata ya abwana ake, kalata ya omuitana, ophunzira omudikira ndi pasipoti yodzaza ndi zidindo zotulukira sayenera kulangidwa chifukwa cha mlandu wa munthu amene sadamuonepo.

Tsono zopempha zathu ndi izi. Kwa boma lathu: nkhani ya viza za ophunzira ndi ochita kafukufuku ikhale pamwamba pokambirana ndi America, ndipo Amalawi aziuzidwa pamene zokambiranazo zafika. Mapangano athu a misonkho ndi ochepa, ena ndi a nthawi ya atsamunda; la Britain lidasainidwa mu 1955, dziko lino likadali Nyasaland. Pokonza akalewo ndi pofuna atsopano, ndime ya aphunzitsi ndi ochita kafukufuku isaiwalike, pakuti imene mayiko ena akupindula nayo adachita kuipempha. Mabanki nawo auzidwe kuti ulendo wamaphunziro wotsimikizidwa uziganiziridwa pogawa ndalama zakunja.

Kwa akazembe: kalata ya yunivesite yodziwika imene yalonjeza kulipira zonse izilemera kuposa sitetimenti ya kubanki ya munthu wolipidwa m'makwacha. Wokanidwa aziuzidwa chifukwa chenicheni cha mlandu wake, ndipo pakhale tsiku lodziwika lobwezera pasipoti.

Kwa anzathu otiitana: tumizani makalata miyezi ingapo msonkhano usanafike. Ikani ndalama za viza mu bajeti, kuphatikizapo za amene akanidwa. Mutiuze za msonkho tisananyamuke, ndipo ngati mukudziwa kuti adzatidula 30 peresenti, onjezani malipirowo kuti tilandire chimodzimodzi ndi anzathu. Koposa zonse, msonkhano wokamba za malungo, za chimanga kapena za Nyanja ya Malawi uzichitikira kumene eni nkhani angafike, ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Kigali kapena ku Nairobi. Inu kubwera kuno simuvutika. Ngati ubale wathu uli weniweni, bwerani ndinu, ndipo muime nafe pamaso pa maboma anu kufikira malamulowa atasintha.