Seva nayo imafuna malire, ngati bwato

Chaka china ndinathandiza sukulu ina kuika zotsatira za mayeso pa webusaiti yake. Tinachita lendi seva yaing'ono yokhala ndi RAM ya 1 GB, n'kuikamo Ubuntu ndi Apache. Masiku onse inkayenda bwinobwino. Koma tsiku lotulutsa zotsatira, makolo ndi ophunzira atalowa nthawi imodzi, tsamba linangoti zii mpaka madzulo. Anthu ankadandaula za netiweki, komatu wolakwa ndinali ineyo. Sindinaiikire malire sevayo.

RAM ndi malo amene kompyuta imasungapo zinthu zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Apache ikamayenda m'njira yotchedwa prefork, aliyense amene akutsegula tsamba amatumikiridwa ndi process yakeyake, ndipo process iliyonse imadya gawo la RAM. Pa seva yathu, chifukwa cha PHP, iliyonse inkadya pafupifupi 30 MB.

Chiwerengero cha anthu otumikiridwa nthawi imodzi chimalembedwa pa mzere wa MaxRequestWorkers, umene unkatchedwa MaxClients Apache 2.4 isanabwere. Pa Ubuntu mzerewu umabwera uli pa 150. Tawerengerani nokha: 150 kuchulukitsa ndi 30 ndi 4,500 MB, pomwe ife tinali ndi 1,024 MB basi. RAM ikadzaza, Linux imayamba kusamutsira zinthu pa disiki, yomwe ndi yochedwa kwambiri. Zikafika poipa, imapha pulogalamu imodzi kuti ipeze malo, ndipo kwa ife inapha MySQL, momwe munali magiredi onse.

Kukonza kwake kunali samu ya ku pulayimale. Ndinasiyira Ubuntu ndi MySQL pafupifupi 400 MB, kunatsala 600. Kugawa 600 ndi 30 kunandipatsa 20, ndiye ndinalemba 20 pomwe panali 150.

Mnzanga wina anatsutsa. "Iwe, anthu mazana akufuna kulowa, iwe ukulola 20 okha?" Nkhawa yakeyo ndi yomveka, koma otsalawo sathamangitsidwa ayi. Amadikira pamzere, ndipo tsamba likamatseguka msanga, mzerewo umayenda mofulumira. Woyendetsa bwato la anthu 20 akakweza anthu 150, palibe amene amafika tsidya linalo. Akakweza 20 n'kubwerera kudzatenga ena, onse amawoloka.

Ena amati ingogulani RAM yambiri. Zoona, nthawi zina pamafunikadi kutero. Koma seva yaikulu yopanda malire nayonso imadzaza tsiku lina, ndalama zitapita kale.

Inu amene mwayamba kupanga mawebusaiti ku kalabu ya kompyuta, musamangokhulupirira manambala amene pulogalamu yabwera nawo. Amene anawalemba sakudziwa kukula kwa seva yanu. Lembani free -m kuti muone RAM yotsala, lembani top kuti muone imene process iliyonse ikudya, kenako gawani. Chitani zimenezi lero, anthu asanadzaze tsamba lanu.