Utsi wa makina a fotokope

Abale ndi alongo a ku Nkolokosa, makina a fotokope a mu ofesi ya mpingo nawonso ali ndi utsi wake. Magetsi a ESCOM akakhalapo mlandu ndi wochepa, pakuti ambiri amachokera m'madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Koma akathima n'kuliza jenereta, lita imodzi ya dizilo imatulutsa makilogalamu oposa 2 a mpweya wotenthetsa dziko. Werengani malita a pamwezi, mudzionere nokha.

Ife amene tinaona matope a Freddy akutsika m'phiri la Soche mu 2023 tisanene kuti nkhaniyi n'ja azungu. Sindikizani ndondomeko ya mapemphero magetsi akadalipo, mbali zonse ziwiri za pepala. Zolengeza zina zipite pa WhatsApp. Ndipo inu alembi, poweruka muzizimitsa makinawo pakhoma.