Musapeputse khomo la kukhitchini kwa Mtchaina

Nyengo ya dimba ikafika pachimake, msika wa Mauwa umadzaza ndi katundu wofanana: repu, mpiru, tomato ndi kabichi. Aliyense anabzala zomwe mnzake anabzala, ndipo onse akukolola sabata imodzi. Mulu umene m'mawa unali pa mtengo wabwino, dzuwa likapendeka umapita ndi basera, chifukwa palibe amafuna kubwerera kunyumba ndi dengu la masamba ofota. Amene amalimba mtima n'kukwera minibasi ya ku Limbe amakapeza anzawo a ku Bvumbwe, Mbulumbuzi ndi Lunzu atayala kale katundu yemweyo.

Lero tikambe za kasitomala amene ambiri timangomudutsa: malesitilanti ang'onoang'ono a Matchaina a mu Blantyre ndi Limbe. Maganizo anga ndi akuti mlimi wa dimba kapena wogulitsa ndiwo wa ku Chiradzulu amene sanagogodepo pa khomo la kukhitchini la malo oterewa akusiya ndalama panjira.

Anthu a m'tauni akamva za chakudya cha Chitchaina amakumbuka Hong Kong Restaurant, imene yadziwika mu Blantyre kwa zaka zambiri, kapena mahotela a Golden Peacock a kampani ya Sogecoa. Koma alipo malo ena osatchuka, oyendetsedwa ndi banja limodzi, ena ali m'nyumba za kumpanda, chikwangwani chake chaching'ono kapena cha zilembo za Chitchaina zokhazokha. Kumeneko ndi kumene amadya Matchaina a m'mashopu ndi a makampani omanga, ndipo mbale yake imatsika mtengo poyerekeza ndi ya kuhotela.

Kuti malowa ali m'tauni mokhamokha pali chifukwa chake. Dziko lathu linakhazikitsa ubale ndi China mu December 2007, litasiyana ndi Taiwan, ndipo amalonda a kumeneko anayamba kufika ambiri mpaka m'maboma. Mu 2012 amalonda a ku Karonga ndi madera ena anadandaula kuti akulandidwa msika, ndipo kuyambira pa 31 July chaka chomwecho boma linalamula kuti amalonda akunja azichita bizinesi m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba basi. Ndiye pa Mauwa musayembekezere kuona lesitilanti ya Mtchaina. Mphika uli m'tauni, dimba lili kwathu, ndipo pakati pa ziwirizi pakufunika munthu wonyamula dengu. Chiradzulu wachita malire ndi Blantyre, kotero masamba othyoledwa m'bandakucha angathe kufika pakhomopo asanagone.

Chimene chimatsitsa mtengo wa mbale ya kumeneko ndi kaphikidwe. Nyama amaidula timizere topyapyala, n'kuikazinga pa moto waukali kwa mphindi zochepa pamodzi ndi masamba ambiri, adyo, jinja ndi anyezi wamasamba. Kachidutswa kamene ife tingapatse munthu mmodzi, iwo amadyetsa nako anthu atatu. Mbale yotereyi imayimira pa masamba, ndipo masamba ophikidwa mphindi ziwiri sabisa kufota kwake ngati amene tawawiritsa ndi soda n'kutendera. Wophika amafuna atsopano pafupifupi tsiku lililonse. Apa ndi pamene pali malonda athu.

Zambiri zimene amafuna tili nazo kale. Tchainizi amene tinamuzolowera m'madimba anachokera kwawo komweko. Bonongwe, kholowa ndi nsonga za nkhwani zimadyedwa kummwera kwa China, bola zikhale zanthete ndi zothyoledwa bwino. Mabilinganya aatali, nkhaka, tsabola, bowa, mazira ndi abakha amagulanso. Pa nkhumba safuna mnofu wokha: makutu, miyendo, nthiti ndi zam'kati zonse zili ndi mphika wake, ndipo zipalapasiro zimene ife timati n'za ana kwawo ndi ndiwo yolemekezeka.

Palinso zina zimene tingawonjezere popanda mpamba waukulu. Pak choi, mbale wake wa tchainizi wa mapesi oyera, amakhwima pasanathe miyezi iwiri chibzalire. Anyezi wamasamba safuna kudikira kuti abereke pansi. Koriyanda, amene amwenye amati dhania, ali ndi makasitomala awiri nthawi imodzi mu Limbe. Koma malonda amene ndimawaona kuti ndi opepuka kuposa onse ndi mphukira za mphodza. Mumanyika mphodza usiku umodzi, n'kuziika m'chidebe chobowola pansi, kuphimba kuti musalowe kuwala, n'kumathirira madzi oyera kangapo patsiku. Pakatha masiku 4 kapena 5 zakonzeka, ndipo kilogalamu imodzi ya mphodza imatulutsa makilogalamu oposa 5 a mphukira. Sipafunika munda, feteleza kapena mvula. Chofunika ndi madzi a pamjigo kapena owiritsa ndi manja osamba, chifukwa mphukira zimaphikidwa pang'ono chabe, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023 sitinamuiwale. Amene ali ndi soya angaphunzirenso kupanga tofu, chakudya choyera chonga tchizi chimene chimapangidwa poumitsa mkaka wa soya. Ku Amitofo Care Centre ku Mapanga, pa msewu wa Zomba, kumene sadya nyama, ana ambiri a Chimalawi akulira chakudya cha mtundu umenewu.

Chifukwa chiyani ndikuti muyambire malo ang'onoang'ono? Hotela yaikulu nthawi zambiri imafuna wogulitsa wolembetsedwa, wa mapepala ake, ndipo imalipira patapita masabata. Munthu wa mpamba wochepa sangadikire motero. Pa lesitilanti ya banja, mwini wake kapena wophika ndi amene amaona katundu, kumuika pa sikelo n'kulipira pompo. Komanso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chakwera mtengo ndipo ndalama zakunja zikusowa. Wophika amene akuvutika kupeza zam'zitini ndi zouma za kwawo amakhala tcheru akamva kuti wina angamubweretsere zatsopano kuchokera pafupi.

Ena anena kuti msika umenewu ndi waung'ono. Akunena zoona. Malowa ndi owerengeka, ena ali ndi timinda tawo kuseri kwa mpanda, ndipo mudzi wonse utabzala pak choi tingabwerere ku vuto lomwe lija la repu. N'chifukwa chake malondawa ndi a oda. Musabzale bedi ngakhale limodzi musanamve kuti akufuna makilogalamu angati pa sabata. Alimi atatu kapena anayi a dimba limodzi angagwirizane, kubzala mosinthana masabata kuti katundu asaduke, n'kumatuma munthu mmodzi kuti thiransipoti isadye phindu lonse. Tomato ndi repu wanu musamusiye. Ichi ndi chowonjezera pa dengu lomwe likupita kale ku Limbe.

Ena anena kuti Matchaina ndi ovuta pa mtengo, ndipo alipo amene ali ndi madandaulo a momwe ena mwa iwo amachitira ndi antchito. Madandaulo otero ali ndi malo ake ku ofesi ya zantchito, ndipo sitiwapeputsa. Koma inu simukupita kukapempha ganyu. Mukupita ndi katundu wanu, ndipo muli ndi ufulu wobwerera naye. Kunenerera adzanenerera ndithu, monga amachitira mayi aliyense pamsika. Werengerani mtengo wanu musananyamuke: mbewu, manyowa, mankhwala, kabaza, minibasi popita ndi pobwera, chiphaso cha msika ngati mudutsa kumeneko, ndi thukuta lanu. Iwo amagula pa kilogalamu, osati pa mulu, ndiye yezani kunyumba mulu wanu kuti mudziwe kulemera kwake. Chilankhulo chisakuopseni. Lembani nambala pa foni n'kumuonetsa, ndipo kukhitchini kumakhala Amalawi anzathu amene angakumasulireni. Ngongole ikanike kuyambira tsiku loyamba. Ndalama pamanja, kapena pa Airtel Money ndi TNM Mpamba musanatuluke pageti.

Pa ubwino wa katundu musachite chinyengo. Masamba opoperedwa mankhwala dzulo asapite, dikirani masiku amene alembedwa pa botolo. Musawathire madzi kuti alemere, amavunda msanga ndipo wophika amaona. Nkhumba ipimidwe ndi alangizi a ziweto, ndipo kukagwa chigodola m'dera lanu musayese kuzembetsa nyama. Kasitomala wa oda ukamupusitsa kamodzi, sadzakutsegulira geti kachiwiri.

Sungani m'mutu nyengo imodzi. Chaka chatsopano cha Matchaina chimagwa pakati pa 21 January ndi 20 February, ndipo amachita maphwando akuluakulu a mabanja ndi a makampani. Imeneyo ndi nthawi ya mvula, pamene madimba ambiri amakhala atamira ndipo masamba abwino amasowa. Amene wakonza mabedi okwera pamtunda mu December, kapena wasunga abakha onenepa, adzatchula yekha mtengo.

Kwa amayi ndi abambo a chiyimilire pa Mauwa pomwepa, amene simupita ku Limbe, phunziro lilipo. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Abale athu a ku Joni amene agwirapo ntchito m'makhitchini a mu Derrick Avenue ku Cyrildene angakuuzeni kuti kumeneko satayako kanthu: mpunga wotsala ukasungidwa pozizira umakazingidwa ndi dzira ndi anyezi, n'kukhala mbale ina yogulitsa. Anthu a ku Vietnam nawo anatchuka dziko lonse ndi pho, msuzi wa mafupa a ng'ombe owiritsidwa maola ambiri, wothiridwa pa noodles za ufa wa mpunga, timizere tochepa ta nyama, mphukira ndi masamba onunkhira. Chimene amagulitsa kwenikweni ndi msuzi wa mafupa, omwe kwa abutchala athu ndi otsika mtengo. Ife tili ndi mang'ina, mpunga wa Kilombero ndi masamba ochuluka. M'mawa wozizira wa June, mbale ya msuzi wotentha wokhala ndi masamba osapsereza singasowe wogula, ndipo nyama yomwe ija ingatumikire anthu ambiri.

Ulendo wanu wotsatira wokapikula katundu ku Limbe, patulani ola limodzi. Nyamulani timitolo tiwiri titatu ta masamba anu abwino kwambiri ngati chitsanzo. Funsani akabaza ndi anyamata a m'mashopu a Matchaina kumene mabwana awo amadyera. Pitani chakum'mawa kapena cha m'ma 3 koloko, pamene kukhitchini kulibe chipwirikiti, ndipo mufunse zinthu zitatu: chimene chimawasowa, kuchuluka kwake pa sabata, ndi tsiku limene amachifuna. Mukakhala atatu, sonkhanani mugule mbale imodzi ya ndiwo ndi mpunga, mugawane monga amachitira eni ake, kuti muone ndi maso anu momwe masamba anu amadulidwira ndi kukula kumene amawafuna. Safunsa anadya phula.