Geni ya pa foni ku Bowe: thumba la soya silidutsa pa WhatsApp

Masiku ano mnyamata akadandaula za kusowa ntchito, yankho limabwera msangamsanga: yamba bizinesi ya pa intaneti, ungofunika foni basi. Mawu amenewa afika mpaka ku Bowe ndi m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, komwe achinyamata ambiri omwe anamaliza Fomu 4 akhala pakhomo opanda chochita. Malangizowa ali ndi nzeru ndithu, koma omwe amawapereka nthawi zambiri amakhala ali ku Lilongwe, komwe magetsi, netiweki ndi ogula zili pakhomo pomwepo.

Tiyambe ndi zomwe zasinthadi. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba inatsatira mu 2013, ndipo lero ma ejenti ali pafupifupi pa msika uliwonse. Dowa si mlendo pa nkhani yolandira ndalama mwa njira zamakono: mu 2006 ndi 2007, bungwe la Concern Worldwide pamodzi ndi Opportunity International Bank of Malawi linkapereka ndalama za chithandizo kwa mabanja a m'bomali kudzera pa makadi ndi banki yoyenda pa galimoto. Ndiye kuti munthu wa ku Area 25 atha kulipira mlimi wa ku Bowe lero lomwe, popanda wina kukwera minibasi. Apa pokha pali mwayi weniweni.

Funso n'lakuti munthu wa ku Bowe agulitsa chiyani. Ambiri akamva za geni ya pa intaneti amaganiza zooda nsapato, mawigi ndi zovala ku China kapena ku Dar es Salaam n'kumaziika pa status. Geni imeneyi inadzaza kale m'tauni, ndipo imadalira dola. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowabe m'mabanki. Wa mpamba wochepa akalowa m'menemo, mtengo umamusinthira katundu asanafike.

Pomwe Bowe ali ndi mphamvu ndi pa zomwe nthaka yake imatulutsa: soya, mtedza, nyemba, chimanga, nkhuku zachikuda ndi mbuzi. Chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma mavenda akafika m'mudzi ndi sikelo zawo, mlimi wofuna ndalama ya fizi amagulitsa pa mtengo womwe wauzidwa. Wachinyamata wokhala ndi foni atha kudziwa mtengo wa ku Mponela, ku Madisi ndi ku Lilongwe m'mawa womwewo, kusonkhanitsa matumba a alimi angapo, kuwajambula, n'kupeza wogula asanalipire thiransipoti. Akamasenda mtedza, kuusankha bwino kapena kupera chiponde, phindu limakwera. Iyi ndi bizinesi ya pa intaneti yomwe ili ndi mizu.

Koma thumba la makilogalamu 50 silidutsa pa WhatsApp. Liyenera kukwera kabaza kapena ngolo, kutsika zitunda mpaka pa msewu wa M1, kenaka kupeza galimoto. Nthawi ya dzinja misewu yafumbi ya m'derali imaterera, mtengo wa kabaza n'kukwera, ndipo mafuta akasowa m'dziko muno, monga zakhala zikuchitikira kawirikawiri kuyambira 2022, umakweranso. Wogulitsa yemwe sanawerengere ndalama imeneyi amapezeka kuti wagwirira ntchito wa njinga yamoto. Wonjezeranipo bandulo, kutchajitsa foni pa sola ya munthu wina poti nyumba zambiri za kumidzi zilibe magetsi a ESCOM, ndi ndalama yomwe imadulidwa potapa kwa ejenti. Zing'onozing'ono zomwezi ndi zomwe zimadya mpamba.

Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi chikhulupiriro. Amalawi aberedwa kokwanira pa foni. Mauthenga a "tumizani pa nambala iyi" tonse tinawalandirapo, ndipo apolisi ndi MACRA akhala akunena kuti ambiri mwa iwo amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Kulembetsa manambala ndi chiphaso cha unzika, komwe kunachitika mu 2018, sikunathetse mchitidwewu, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 wakumudzi salidziwa n'komwe. Zotsatira zake, wogula safuna kutumiza ndalama asanaone katundu, wogulitsa naye safuna kutumiza katundu asanaone ndalama. Mlendo pa geniyi amayamba ndi anthu omudziwa: achibale a m'tauni, a mpingo, anzake a kusukulu. Dzina labwino limamangidwa thumba limodzi limodzi, ndipo kuthira mchenga m'soya kamodzi kokha kumaligwetsa.

Palinso gulu lina lofunika kulichenjera, la anthu omwe amati lowetsa K20,000, ubweretse anzako atatu, uzilandira uli gone. Ngati ndalama ikuchokera kwa olowa kumene osati kwa ogula katundu, dziwani kuti tsiku lina woyambitsa adzazimitsa foni. Chimodzimodzi kubetcha mpira pa foni: imeneyo ndi juga, ngakhale anyamata ena amaitcha geni.

Nanga ntchito za pa kompyuta zolipidwa ndi akunja? M'boma lomweli la Dowa muli chitsanzo. Ku kampu ya Dzaleka, yomwe inatsegulidwa mu 1994, achinyamata othawa kwawo aphunzira kupanga mapulogalamu a kompyuta kudzera ku TakenoLAB ndi AppFactory, yomwe inakhazikitsidwa mothandizidwa ndi UNHCR ndi Microsoft. Phunziro la ku Dzaleka n'lakuti iwo anali ndi malo amodzi okhala ndi makompyuta, magetsi, intaneti ndi mphunzitsi. Palibe anaphunzira zimenezi yekha pa foni ya mabatani. Starlink inafika m'Malawi mu 2023, koma zida zake ndi malipiro a pamwezi si za banja limodzi la kumudzi; zingatheke kwa kopaletivi, sukulu kapena gulu la achinyamata logawana mtengo.

Apa ndi pomwe boma ndi makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi ayenera kufunsidwa. Lamulo la Communications Act la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti netiweki ifike m'madera omwe makampani saonako phindu. MAREP ilipo kuti magetsi afike m'misika ya kumidzi. Aphungu ndi makhansala a m'derali atiuze kuti ndi misika ingati yomwe yapindula, komanso kuti ngongole za boma za achinyamata zafika kwa angati omwe akugulitsa mbewu.

Kwa wachinyamata wa ku Bowe yemwe akufuna kuyamba sabata ino, masamu ake ndi achidule. Lembani m'kope mtengo wogulira, wa thumba, wa kabaza, wa galimoto, wa bandulo ndi wotapira ndalama. Ngati chotsala sichikukwana kugula katundu wina, musayambe kaye. Pezani anzanu awiri kapena atatu kuti ulendo umodzi unyamule katundu wa nonse.