Mwana wonenepa sachira ndi njala

Woyenda pa msewu wa M1 kudutsa pa Lizulu, pa Biriwiri ndi pa boma pa Ntcheu salephera kuona ziwaya za chipisi zitandandalika m'mbali mwa msewu. Mbatata ya kachewere ya ku Tsangano ndi chuma cha boma limeneli, ndipo palibe angainyoze. Koma mbatata yomweyo ikamamizidwa m'mafuta tsiku ndi tsiku, nkumatsitsira chakumwa cha shuga, imalemeretsa matupi a anyamata ndi atsikana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 adapeza kuti akazi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Mavuto awiriwa tsopano akugona mudzi umodzi.

Mwana wa sukulu akanenepa, anzake amamupatsa maina achipongwe, akuluakulu nkumulangiza kuti azidzimana chakudya. Langizo limeneli nlolakwika, ndipo chifukwa chake chili m'thupi momwemo.

Mafuta a m'thupi si nkhokwe yongokhala chete. M'chaka cha 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake a pa yunivesite ya Rockefeller ku New York adatulukira kuti mafuta amatulutsa homoni yotchedwa leptin, mthenga woyenda m'magazi kukauza ubongo kuchuluka kwa chakudya chosungidwa. Mwa munthu wonenepa leptin amachuluka, koma ubongo umaleka kumumvera, monga mfumu yotopa ndi nthumwi yobwera kawirikawiri ndi uthenga umodzimodzi. Tsono munthuyo akadzimana chakudya mwadzidzidzi, leptin amatsika msangamsanga, ubongo nkuyesa kuti kwagwa chilala. Njala imakula, thupi limayamba kuumira mphamvu zake, ndipo kawirikawiri kulemera kuja kumabwerera. Wosadziwa amangoti mwanayo ngosusuka. Aiwala kuti wa zaka 14 akadakula, ndipo kumumana chakudya nkumana mafupa ndi magazi ake.

Mafuta amatulutsanso homoni ina, adiponectin, yothandiza insulin kulowetsa shuga m'minofu. Chodabwitsa nchakuti imeneyi imachepa pamene mafuta achuluka. Popeza thupi la mwana wotha msinkhu limamvera insulin mochepa mwa chibadwa, kunenepa pa zaka zimenezi kumatsegulira njira matenda a shuga.

Apa ndi pamene masewera olimbitsa thupi amaposera njala. Minofu yogwira ntchito imakoka shuga m'magazi, ndipo thupi limayamba kumvera insulin bwino ngakhale sikelo isanasinthe. Mafuta akamachepa pang'onopang'ono, adiponectin amayamba kukwera. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera otulutsa thukuta mphindi 60 patsiku.

Kodi sukulu zikuwapatsa mphindi zimenezi? Mayeso a MSCE akayandikira, nthawi ya masewera ndiyo imayamba kumezedwa ndi kubwereza maphunziro. Ngakhale pa tsiku la masewera, bwalo limakhala la akatswiri ochepa a timu ya sukulu, pamene mwana wonenepa, amene akulisowa kwambiri bwalolo, amakhala pamthunzi poopa kusekedwa. Mphunzitsi woseka nawo, ngakhale mwanthabwala, amamuchotsa mwanayo pabwalo chaka chonse. Chonsecho masewera sayenera kukhala a mpira okha. Ku Ntcheu, kwa Angoni a Inkosi ya Makosi Gomani, kuli gule wa ngoma, ndipo amene adaponda pansi ndi chishango m'manja kwa theka la ola amadziwa thukuta lake. Fulaye ndi jingo nazo sizilira ndalama.

Kunyumba sikufunika kuchepetsa mbale, koma kusintha zili m'mbalemo: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nyemba ndi nkhwani wokwanira, madzi m'malo mwa zakumwa za m'mabotolo, ndi kachewere yemwe uja wophika m'madzi. Banja lonse lidye chimodzimodzi, pakuti mwana wopatsidwa mbale yakeyake amakadyera chipisi kumsika mobisa.